Khasu Lobwereka: Phunziro la Eni Malole ndi Madalaivala Awo

Makolo adasiya mwambi wakuti khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Iwo adaona kuti munthu akamalima ndi khasu la mnzake salabadira miyala kapena zitsa, pakuti likathyoka wolira ndi wina. Masiku ano khasu lija lakula: lili ndi matayala, limamwa dizilo, ndipo mtengo wake umaposa wa nyumba ya malata. Eni malole a ku Machinga ndi ku Balaka, amene amatuma galimoto zawo kukatenga mpunga, nandolo ndi nsomba kumadera a ku nyanja ya Chiuta, ali ndi dandaulo losatha lakuti madalaivala olembedwa ntchito amawononga galimoto. Nawonso madalaivala ali ndi dandaulo lawo, lakuti mabwana amawalipira mochepa ndi kuwaimba mlandu pa chilichonse chothyoka. Phunziro lino liunika mlandu umenewu mwachifatse, ndipo lionetsa kuti kayendetsedwe ka dalaivala kamatsata kwambiri pangano limene iye adachita ndi bwana wake. Tsono mwini lole wofuna kuti galimoto yake ikhalitse ayenera kuyamba wakonza panganolo.

1. Dziko limene malole amayendamo

Nyanja ya Chiuta ili m'boma la Machinga, m'malire a Malawi ndi Mozambique, kumpoto kwa nyanja ya Chilwa. Ndi nyanja yosaya, yozingidwa ndi madambo, ndipo ikadzaza madzi ake amasefukira m'nyanja ya Amaramba napita mu mtsinje wa Lugenda. Anthu a m'madera a mafumu Ngokwe, Chikweo ndi Kawinga amalima mpunga, chimanga ndi nandolo, ndipo asodzi amapha makumba, matemba ndi milamba. Katundu yenseyu, kuti afike ku misika ikuluikulu, ayenera kuyamba watulukira pa msewu wa tala wodzera pa Nselema, Ntaja ndi Nsanama mpaka ku Liwonde. Kuchokera pamenepo lole ina imakwera mapiri a Machinga kulinga ku Zomba ndi ku Blantyre. Ina imaoloka Shire pa Kamuzu Barrage, imene idamangidwa m'chaka cha 1965, nipita ku Balaka kukakumana ndi msewu waukulu wa M1.

Njanji nayonso ilipo. Idatsegulidwa m'chaka cha 1970, kuchokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, ndipo imapitirira kukafika ku doko la Nacala. Koma sitima siifika pakhomo pa mlimi kapena pa gombe la asodzi. Ntchito yotulutsa katundu m'midzi ndi ya lole basi, ndipo misewu yambiri yotsikira ku nyanja ndi yadothi.

M'dziko lotere lole ili ndi adani atatu. M'chilimwe muli mchenga ndi fumbi; m'dzinja muli matope a m'madambo amene amameza matayala; ndipo chaka chonse pali zitunda ndi mitsetse. Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzisunga pamtima. Choyamba, lole yoyenda ku Chiuta imatha msanga koposa yoyenda pa tala pokhapokha, ngakhale woyendetsa atakhala wosamala chotani. Chachiwiri, lole ikatuluka pa chipata cha bwana wake imakhala masiku awiri kapena atatu m'manja mwa munthu mmodzi, kutali ndi maso a mwini wake. Vuto lonse lagona pa zinthu ziwirizi.

2. Njira zimene lole imawonongekera

Njira yoyamba ndiyo katundu wopyola muyeso. Dalaivala atalongedza katundu wa bwana, amaonjezapo matumba a anthu ena panjira, ndiponso amanyamula anthu a matola, ndalama zake n'kulowa m'thumba mwake. Kulemera koonjezeraku kumathyola masipuling'i, kumatenthetsa matayala, ndipo mabuleki amalephera kuimitsa galimoto pa mtunda woyenera. Msewu nawonso umavutika. Pakati pa zaka za 1958 ndi 1960 akatswiri a misewu ku America adayendetsa malole usana ndi usiku pa misewu yoyeserera m'dera la Illinois, ndipo adapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo, ndiye kuti chitsulo chimene matayala amazungulirapo, kukachuluka kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Motero ekiselo yoyenera kusenza matani 10 ikasenza matani 12, imawononga msewu monga malole awiri. N'chifukwa chake boma lidaika masikelo a galimoto m'malire a dziko ndiponso pa Balaka. Dalaivala wodziwa kuti walemetsa katundu amazemba sikelo podzera njira za kumbali zokumbikakumbika, ndipo potero lole imapwetekeka kawiri.

Njira yachiwiri ndiyo kuchotsa giya pa mtsetse kuti lole itsetsereke yokha, dizilo asathe. Lole yolemera ikamatsika ili m'giya yaing'ono, injini imathandiza kuigwira. Giya ikachotsedwa, ntchito yonse imagwera mabuleki. Iwo amatentha, ndipo akatentha kwambiri sagwiranso. Komanso malole akuluakulu amagwira mabuleki ndi mpweya umene injini imapopa. Injini ikamalira pang'onopang'ono mpweyawo umachedwa kudzaza pamene dalaivala akuutaya popondaponda. Pa mtsetse wotsikira ku Liwonde, dizilo wopulumutsidwa motere sangadzaze n'chigubu chomwe, koma chimene chaikidwa pa chiswe ndi lole yonse pamodzi ndi miyoyo ya anthu.

Njira yachitatu ndiyo kugulitsa dizilo. Kuba kwake n'koipa kale, koma choipa koposa ndi chimene amathira m'thanki pofuna kubisa kubako. Ena amathira palafini, ena amagula dizilo wa m'zigubu wosakanizika ndi madzi ndi zinyalala. Dizilo weniweni ali ndi kuterera kumene kumasunga pampu ya mafuta. Palafini alibe kuterera kotere, ndipo pampu imapereseka pang'onopang'ono mpaka kufa.

Njira yachinayi ndiyo kusasamala zinthu zazing'ono za m'mawa uliwonse: kuona oyilo, kuona madzi a mu ladiyeta, kukuntha sefa ya mpweya, kuyesa mpweya wa m'matayala. Pa misewu ya fumbi sefa ikatsekeka kapena ikabooka, fumbi limalowa mu injini ndi kuidya monga mchenga udyera mphika potsuka. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika poyenda, limatentha, kenaka limaphulika.

Njira yachisanu ndiyo nkhanza pa chiwongolero: kuthamanga pa msewu wa mabampu, kusiya phazi pa kilatchi, ndi kukakamiza lole yotitimira m'matope mpaka kilatchi itapsa, m'malo motsitsa katundu ndi kuyala mitengo. Pamwamba pa zonsezi pali tulo ndi mowa, zimene zimatha lole tsiku limodzi.

Wowerenga aone chinthu chimodzi chimene njira zinayi zoyambazo zikufanana. Phindu lake limabwera lero lomwe, ndipo ndi la dalaivala. Chiwonongeko chake chimaoneka patapita miyezi, ndipo ndi cha mwini lole. Pofika tsiku limene pampu yafa, palibe angaloze ulendo umene palafini adathiridwa.

3. Kusiyanitsa milandu

Mwini lole akaona galimoto yake ikukokedwa kupita ku galaja, mtima umamuwawa, ndipo pakamwa pake pamatuluka mawu amodzi okha: dalaivala wandiphera lole. Koma woweruza wanzeru amayamba wasiyanitsa, pakuti kuwonongeka kuli mitundu inayi.

Kulipo kutha kwa chibadwa. Matayala, mabuleki ndi kilatchi zidapangidwa kuti zizitha, monga khasu limatha ngakhale m'manja mwa mwini wake. Kumeneku ndi mtengo wa malonda, ndipo wolipira ndi amene amalandira phindu la malondawo. Walira mvula walira matope.

Kulipo kuwononga kosadziwa. Mnyamata amene adaphunzira kuyendetsa pa minibasi, napatsidwa lole ya matani 15 popanda womulangiza, adzatentha mabuleki mosafuna. Mlandu waukulu apa uli ndi amene adapereka makiyi asanamuyese.

Kulipo kusasamala. Dalaivala akudziwa kuti ayenera kuona oyilo, koma waulesi. Waona muvi wa kutentha ukukwera, koma wapitirira kuti akagone ku Ntaja. Uyu ali ndi mlandu, ndipo kukula kwa mlanduwo kumatsata kukula kwa chenjezo limene adalinyozera.

Potsiriza kulipo kuwononga kwadala ndi kuba: kugulitsa dizilo, kusinthitsa tayala latsopano ndi lakutha, kuchotsa batire yabwino, kapena kuzunza galimoto pofuna kulipsira bwana. Uwu ndi mlandu wathunthu, ndipo wochita zotere ayenera kubweza.

Bwana amene amalanga mitundu inayi yonseyi ndi chilango chimodzi amaphunzitsa antchito ake chinthu choopsa, ndicho kubisa. Dalaivala wodziwa kuti adzadulidwa malipiro akanena za kaphokoso kachilendo mu injini, amangokhala chete mpaka injiniyo itaima pakati pa dambo. Kanthu kamene kakadakonzedwa tsiku limodzi kamasanduka ntchito ya mwezi wathunthu.

4. Mbali ya mwini lole

Funso loyenera kufunsa ndi ili: n'chiyani chimene chimakankhira dalaivala ku njira zoipazi? Yankho lake kawirikawiri lili m'pangano la malipiro.

Bwana wolipira pa ulendo uliwonse, osaona kuti lole yabwera bwanji, ndiye kuti akugula liwiro, pakuti maulendo akachuluka ndalama za dalaivala zimachulukanso. Bwana wopereka dizilo woyezeratu ndi kunena kuti wotsala ndi wa dalaivala, ndiye kuti akugula kuchotsa giya pa mtsetse. Bwana wotuma munthu ulendo wa masiku atatu popanda ndalama ya chakudya ndi malo ogona, ndiye kuti wamutuma kukanyamula matola. Bwana wochedwetsa malipiro miyezi iwiri wasiya thanki yodzaza m'manja mwa munthu amene ana ake abwezedwa ku sukulu.

Nkhani ya malipiro si ya ku Chiuta kokha. M'chaka cha 2019 madalaivala a mathiraki m'Malawi adanyanyala ntchito chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Mu Seputembala 2021 adanyanyalanso, ndipo mafuta a galimoto adasowa m'mizinda. Limodzi mwa madandaulo awo lidali lakuti mabwana ambiri sankalipira K140,000 pa mwezi imene boma lidakhazikitsa nthawi imeneyo kuti ikhale malipiro otsikitsitsa a oyendetsa mathiraki akuluakulu. Ngati zidali choncho kwa madalaivala opita ku Beira ndi ku Dar es Salaam, amene ali ndi mabungwe owayankhulira, n'kosavuta kuganizira mmene zimakhalira ndi woyendetsa lole yaing'ono ya kumudzi, amene pangano lake ndi la pakamwa chabe.

Nawonso eni malole ali m'mavuto enieni. Zitsulo, matayala ndi mafuta zimachokera kunja, ndipo mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo itakwera motero, ambiri adayamba kuchedwetsa sevisi, kugula matayala akale, ndi kuika zitsulo zotsika mtengo zosakhalitsa. Ena amalamula okha kuti katundu aonjezedwe pofuna kubweza ndalama za dizilo. Zifukwa zake n'zomveka, koma chilungamo chikufuna kuti bwana wochita zimenezi avomere zotsatira zake. Wokana kugula oyilo sangaimbe dalaivala mlandu injini ikagogoda. Komanso wantchito amaphunzira poona: akaona kuti mwini wake salemekeza galimoto, iyenso sailemekeza.

5. Kodi malipiro ochepa amachotsa mlandu wa dalaivala?

Madalaivala ambiri amati: sindikuba, ndikungodzilipira zimene bwana amandimana. Maganizo amenewa ayenera kuyankhidwa mosapsatira. Malipiro ochepa amachepetsa mlandu, koma sauchotsa, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, munthu wodzilipira yekha mobisa amakhala wodandaula, mboni ndi woweruza pa mlandu wake womwe, ndipo muyeso wake umakula mwezi ndi mwezi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chachiwiri, chimene dalaivala amapeza n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene amawononga. Malita ochepa a dizilo amene wagulitsa angaphe pampu imene mtengo wake umaposa malipiro ake a miyezi yambiri. Chuma chimenechi sichichoka kwa wolemera kupita kwa wosauka. Chimangotayika, ndipo lole ikaima ntchito ya dalaivala yemweyo yaimanso.

Chachitatu, ovutika si bwana yekha. Mayi wogulitsa nsomba amene wakhala pamwamba pa matumba, mlimi amene mpunga wake wanyowa chifukwa lole yafera panjira, ana oyenda m'mbali mwa msewu pa Nsanama: onsewa sadamane dalaivala kanthu. Ndiponso dalaivala mmodzi wosakhulupirika amaipitsa mbiri ya anzake onse, kotero kuti wokhulupirika amayamba ntchito akukayikiridwa kale.

Chiphunzitso chakale pa nkhani ya bwana ndi wantchito chimamanga mbali zonse ziwiri pamodzi. Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum ya chaka cha 1891, adaphunzitsa kuti wantchito agwire mokhulupirika ntchito imene adavomera ndipo asawononge katundu wa bwana wake. Adaphunzitsanso kuti bwana alipire malipiro okwanira kusunga moyo wa wantchito, ndi kuti kumana munthu malipiro ake ndi tchimo lalikulu. Udindo wa mbali imodzi sudikira kuti mbali inayo iyambe. Dalaivala wolakwiridwa ali nazo njira zoonekera: kudandaula kwa bwana pamaso pa mboni, kupita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, kulowa bungwe la madalaivala, kapena kusiya ntchito mwamtendere. Ndipo amene adaba kapena kuwononga dala ayenera kubweza monga angathere, ngakhale pang'onopang'ono, pakuti pepani sapoletsa chilonda.

6. Zimene lamulo la dziko likunena

Lamulo la ntchito lotchedwa Employment Act, la chaka cha 2000, limateteza mbali zonse ziwiri, ndipo mwini lole aliyense ayenera kulidziwa. Lamuloli likufuna kuti wolembedwa ntchito apatsidwe kalata yofotokoza ntchito yake, malipiro ake ndi maola ake, ndipo lidaika maola 48 kukhala muyeso wa ntchito ya pa sabata. Bwana saloledwa kulipitsa wantchito faindi monga chilango, koma amaloledwa kudula pa malipiro ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga. Bwana angathe kuchotsa munthu ntchito pa mlandu waukulu, koma payenera kukhala chifukwa chenicheni, ndipo munthuyo ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Milandu yotere imakathera ku khoti la zantchito lotchedwa Industrial Relations Court.

Tanthauzo lake ndi lakuti lamulo limafuna umboni. Bwana amene walanda makiyi mwaukali, nathamangitsa dalaivala osamva mbali yake, angathe kugonja ku khoti ngakhale dalaivalayo adalakwadi. Ndiponso sangaonetse kuti tayala lidasinthitsidwa ngati sadalembe nambala ya tayalalo tsiku limene adaligula. Pambali pa izi, lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 likufuna kuti galimoto yonyamula katundu ikhale ndi chiphaso chotsimikiza kuti ili bwino, ndi kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera kukula kwa galimotoyo. Wopereka lole kwa mphwake wopanda laisensi, chifukwa choti ndi wachibale ndipo salira malipiro ambiri, wadziikira yekha msampha.

7. Makina olondola galimoto

Masiku ano alipo makina aang'ono amene amaikidwa m'galimoto, ndipo amauza mwini wake pa foni kumene lole ili, liwiro lake, ndi malo amene yaima. Kodi amenewa ndiwo mankhwala a vuto lonse?

Akatswiri atatu a zachuma, Erin Kelley, Gregory Lane ndi David Schönholzer, adayesa nkhaniyi ku Nairobi, m'dziko la Kenya. Adaika makina otere m'maminibasi 255, koma eni ake ena okha ndiwo adapatsidwa mwayi woona zimene makinawo ankalemba. Adapeza kuti eni ake amene ankaona adasintha mapangano awo ndi madalaivala. Madalaivala adachepetsa kudzera njira zachidule zowononga galimoto, ndalama zokonzetsera zidatsika, ndipo phindu lidakwera. Adapezanso kuti madalaivalawo adayamba kugwira ntchito maola ochulukirapo.

Apa pali phunziro ndi chenjezo. Phunziro ndi lakuti makina amangopereka umboni. Chimene chimasintha kayendetsedwe ndi pangano latsopano limene umboniwo walola. Bwana akatha kusiyanitsa tsoka ndi kusasamala, saimbanso mlandu munthu wosalakwa, ndipo dalaivala wabwino amapeza mboni yomuikira kumbuyo. Chenjezo ndi lakuti makina omwewo angasanduke chikoti chothamangitsira munthu wotopa. Ku Ulaya lamulo limaletsa dalaivala wa thiraki kuyendetsa maola opitirira 9 pa tsiku mwa nthawi zonse, ndipo limamulamula kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka. Thupi la munthu wa ku Machinga silisiyana ndi la munthu wa ku Ulaya. Mwini lole amene akuona pa foni kuti galimoto yake yaima usiku ayambe wafunsa ngati dalaivala wagona mokwanira, asanakalipe.

Amene alibe ndalama zogulira makina asataye mtima. Kope ya sukulu ndi cholembera zimagwira ntchito yaikulu ndithu: makilomita ponyamuka ndi pobwera, malita a dizilo, matumba olongedzedwa, tsiku losintha oyilo, nambala za matayala ndi za batire, onse awiri n'kusaina.

8. Chitsanzo cha asodzi a ku Chiuta

Mankhwala enieni a khasu lobwereka akuoneka pa nyanja ya Chiuta pomwepo. Zaka zapitazo kudabwera asodzi ochokera ku nyanja zina ndi makoka a nkhacha, a maso ang'onoang'ono, amene ankakokolola nsomba ndi ana omwe ndi kuvundula madzi. Alendowo sankadera nkhawa za mawa, pakuti nsomba zikadatha akadasamukira kwina. M'chaka cha 1995 asodzi a komweko adapanga makomiti a m'magombe, naletsa makokawo, ndipo boma lidavomereza kuti iwo akhale ndi mbali poyang'anira nyanja yawo. Adasamala nyanja chifukwa adadziwa kuti nsomba zosungidwa lero adzazipha ndi iwo omwe chaka chamawa.

Chomwechonso dalaivala amasamala lole akadziwa kuti kukhalitsa kwake kudzamupindulira iye. Kuchokera pa mfundo imeneyi pakutuluka malangizo awa.

Mwini lole ayese munthu asanamulembe: aone laisensi, afunse kumene adagwirako kale, ndipo akwere naye ulendo umodzi wa katundu, wodzera pa mtsetse ndi pa mchenga.

Pangano lilembedwe m'chinenero chimene onse awiri akumva, Chichewa kapena Chiyao, ndipo litchule malipiro, tsiku lolandira, ndalama ya panjira, katundu wololedwa, ndi zinthu zimene dalaivala adzalipira akaziwononga mosasamala.

Lole imodzi ikhale ndi dalaivala mmodzi. Galimoto yoyendetsedwa ndi anthu atatu mosinthana ilibe woisamala, ndipo ikawonongeka aliyense amaloza mnzake. Popereka lole, onse awiri aizungulire pamodzi ndi makaniko, nalembe chilema chilichonse chimene apeza.

Malipiro a pa mwezi akhale okwanira ndi ofika pa tsiku lake. Mphatso yoonjezera iperekedwe chifukwa cha chisamaliro: matayala amene akhalitsa, miyezi imene yatha popanda ngozi, dizilo amene wayenda mogwirizana ndi makilomita. Yoperekedwa chifukwa cha kuchuluka kwa maulendo kokha imabala liwiro.

Wonena vuto msanga ayamikiridwe, ndipo bwana akonze msanga chimene chanenedwa. Dalaivala akhale ndi ufulu wokana kunyamuka ndi mabuleki osagwira kapena ndi katundu wopyola muyeso, popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Pakachitika chiwonongeko, makaniko wosakondera aone chitsulo chothyokacho ndi kunena chifukwa chake, dalaivala amvedwe, kenaka mlandu ugamulidwe potsata mitundu inayi ija. Ngati pali kudula malipiro, kuchitike pang'onopang'ono, kuti banja la munthuyo lisagone ndi njala.

Pomaliza, dalaivala amene watumikira zaka zambiri mokhulupirika akhale woyamba kupatsidwa mwayi wogula lole yakale pamene bwana afuna kuigulitsa, ndipo alipire pang'onopang'ono. Munthu amene akuyembekeza kuti galimoto idzakhala yake sathiramo palafini.

Malangizo amenewa sadzasintha mtima wa munthu aliyense. Adzakhalapobe madalaivala akuba ngakhale atalipidwa bwino, ndipo otere ayenera kuchotsedwa motsata lamulo. Koma bwana amene walemba pangano, walipira pa nthawi yake, ndi kusunga kope ya maulendo, amamuzindikira msanga wakubayo, ndipo amasunga wokhulupirika, amene ndi chuma chosowa koposa zitsulo za ku galaja. Mpunga wa kwa Ngokwe ndi nsomba za ku Chiuta zimafika ku msika pamene anthu awiriwa, mwini lole ndi woyendetsa wake, akukhulupirirana pa zifukwa zimene onse awiri angathe kuziona.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani mitundu inayi ya kuwonongeka kwa galimoto. Ndani ayenera kulipira pa mtundu uliwonse?

2. Chifukwa chiyani kuchotsa giya pa mtsetse kuli koopsa pa lole yolemera?

3. Dalaivala sadalandire malipiro miyezi iwiri, ndipo wagulitsa dizilo kuti agule chimanga. Mlandu wake ndi wotani, ndipo mlandu wa bwana wake ndi wotani?

4. Kodi lamulo la ntchito likufuna kuti bwana achite chiyani asanachotse dalaivala?

5. Kupatula malole, ndi zinthu ziti za m'mudzi mwanu, monga njinga za kabaza, zigayo, ngolo ndi mabwato, zimene zimagwiritsidwa ntchito ndi munthu amene si mwini wake? Ndi pangano lotani limene lingazisunge?